Kantini yakale ya pa vila: nyumba imene inkagulitsa kutsogolo n'kumagula kumbuyo

Aliyense amene anadutsapo pa Ulongwe, pa Domwe, pa Tsangano kapena pa Furancungo, mavila (matauni ang'onoang'ono) a m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anaziona nyumbazi, ngakhale kuti mwina sanaime n'kuziyang'anitsitsa. Zimakhala m'mbali mwa msewu waukulu, zazitali chopingasa, za njerwa zootcha, zili ndi khonde lotakasuka la zipilala, zitseko zikuluzikulu ndi mawindo otchinga ndi zitsulo. Ina mupeza yapakidwa penti yowala ya kampani ya mafoni, ina yagawidwa tizipinda tinayi, ina denga linachoka kalekale moti m'kati munamera mitengo. Akuluakulu amaitchula kuti kantini, ena amangoti loja. Kwa achinyamata ambiri ndi mabwinja a Apwitikizi basi.

Kwa ine palibe nyumba ina imene imafotokoza bwino za chuma cha dera lathu kuposa imeneyi. Ofesi ya boma imatiuza za olamulira, mishoni imatiuza za sukulu ndi chikhulupiriro, koma pa kantini ndi pamene thukuta la mlimi linkasanduka ndalama, ndalamayo n'kusandukanso mchere ndi nsalu. Nyumba imodzi inkagwira ntchito ziwiri: kugulitsa katundu kwa mlimi, ndi kugula zokolola za mlimi yemweyo. Nkhondo ya Renamo ndi boma itatha, ntchito yogulitsa inabwerera ndipo lero ili ndi mphamvu kuposa kale lonse. Yogula ija sinalowenso m'nyumbamo. Madandaulo ambiri amene timamva chaka ndi chaka pa nthawi yokolola anayambira pamenepo.

Tiyambe ndi kamangidwe kake, chifukwa palibe chipinda chimene anangochiikapo mwachisawawa. Khonde linali la anthu. Apa ndi pamene amayi ochokera kutali ankatula madengu, pamene apaulendo ankausa mvula, ndiponso pamene telala ankakhala ndi makina ake, kuti munthu akagula nsalu asavutike kufunafuna womusokera. Mukalowa munkakumana ndi kauntala yaitali yamatabwa yodula chipinda pakati. Wogula sankadutsa pamenepo ndipo sankagwira katundu. Ankaloza ndi chala, wogulitsa n'kutsitsa pa shelefu. Mchere, sopo, shuga, palafini, machesi, singano, makasu, mapoto, mabulangeti, nsalu, mikanda, matayala ndi machubu a njinga, zonse zimene pamudzi sitikanatha kudzipangira zinali pamenepo.

Kuseri kwa chipinda chogulitsiramo kunali china chachikulu, chamdima, cha timawindo tating'ono m'mwamba, chokhala ndi khomo lakelake lotulukira m'mbali kapena kumbuyo. Mmenemo ndi mmene ankaunjika matumba a chimanga, nyemba, mtedza ndi mbatata ya kachewere, ndipo sikelo inkakhala pafupi ndi khomolo. Kupitirira apo kunali nyumba yogona mwini sitolo ndi banja lake, bwalo lampanda ndi poimika lole. Mukapeza mpata wozungulira kantini yakale, yerekezani chipinda chakutsogolo ndi chakumbuyo. Munthu samanga chipinda chachikulu chotero kuti azisungamo machesi. Chinali cha zokolola zathu.

Msonkho ndiwo unabweretsa ogula

Malire amene anagawa Achewa ndi Angoni pakati pa Apwitikizi ndi Angelezi anagwirizanidwa mu 1891. Mbali yathu inalowa m'dongosolo la maprazo, malo akuluakulu amene boma la Portugal linkabwereketsa kwa makampani ndi anthu achuma, ndipo ku Tete ambiri anali m'manja mwa kampani ya Companhia da Zambézia, imene inakhazikitsidwa mu 1892. Wobwereka prazo ndiye ankakhometsa msonkho, ndipo malonda a m'deralo ankadutsanso mwa iye. Cha m'ma 1930 maprazo anathetsedwa, boma n'kuyamba kulamulira lokha: administrador (bwanamkubwa) pa boma, shefi wa posito (mkulu wa ofesi yaing'ono ya boma) m'madera, masipayi (apolisi awo) ndi mbalamatodya (thabwa lomenyera anthu m'manja) pambuyo pawo.

Malonda sankachitika paliponse pamene munthu wafuna. Boma linkasankha malo n'kuwalengeza kuti ndi povoação comercial, malo a malonda, ndipo wofuna kutsegula sitolo ankayenera kupeza chilolezo, alvará, n'kumanga pamalo ovomerezekawo. N'chifukwa chake makantini amapezeka ali pamzere, pafupi ndi posito kapena pamphambano, ndipo matauni athu ang'onoang'ono anakula mozungulira mzerewo. Ulongwe, amene masiku amenewo ankatchedwa Vila Coutinho, ndi chitsanzo chachikulu, koma mukaona bwino pa Domwe kapena pa Zobue mupeza dongosolo lomwelo.

Tsono n'chiyani chinkakankhira mlimi ku kantini? Choyamba si chilakolako cha shuga ayi. Ndi msonkho. Boma linkafuna ndalama, osati nkhuku kapena dengu la mawere, ndipo wolephera kukhoma ankagwidwa kukagwira chibalo m'misewu kapena m'minda ya azungu. Munthu anali ndi njira ziwiri zopezera ndalamayo. Ina inali kusenza chimanga kupita nacho kwa mwini kantini. Ina inali kupita kunja kukagwira ntchito. Mu 1913 Apwitikizi anagwirizana ndi boma la Southern Rhodesia kuti lizilemba amuna a ku Tete, ndipo kwa zaka makumi angapo agogo athu ankatsika kuwoloka Zambezi kupita kumafamu a fodya, kumigodi ndi ku Salisbury, ena mpaka ku Joni. Akabwerako, ndalama zawo zinkathera pa kauntala yomwe ija: njinga, bulangeti, nsalu ya amayi, nsalu ya apongozi. Njira zonse ziwiri zinkakathera pakhomo limodzi.

Mmene phindu linkapangidwira

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa anthu amalakwitsa mbali ziwiri. Ena amangoti eni makantini anali akuba. Ena, makamaka amene anatopa ndi mavenda a lero, amati nthawi imeneyo zinthu zinkayenda bwino. Onse ali ndi gawo la zoona.

Mwini kantini ankadya kawiri pa mlimi mmodzi. Ankagula chimanga pa mtengo wotsika, kenako n'kugulitsa nsalu pa mtengo wokwera kwa munthu yemweyo tsiku lomwelo. Nthawi zambiri ndalama sinkaoneka n'komwe, kunali kusinthana: madebe akutiakuti a nyemba, mikono yakutiyakuti ya nsalu. Sikelo inali yake, wowerenga manambala anali iye, ndipo buku la ngongole linkakhala m'dirowa yake. Mayi wosadziwa kuwerenga akanatsutsa bwanji? Ngongole yotengedwa mu Januwale, nkhokwe zitapepuka, inkabwezedwa mu Juni ndi zokolola pa mtengo wonena mwini sitolo. Kupita kwa wina sikunkathandiza kwenikweni, pakuti pamzerepo ogula anali owerengeka ndipo ankadziwana.

Katundu wa pa shelefu nayenso anali ndi nkhani yake. Kuyambira 1938 mpaka 1961 anthu a m'madera otentha a kumunsi ankakakamizidwa kulima thonje pa mtengo woikidwa ndi boma. Thonjelo linkapita ku Portugal n'kubwerera ngati nsalu yodula. Vinyo wotsika mtengo wa ku Portugal ankagulitsidwa poyera m'makantini, pamene mayi wotcheza kachasu ankasakidwa ndi masipayi. Ndipo lamulo la indigenato, limene linkaika munthu wakuda pansi pa malamulo apadera, linkachititsa kuti alvará ikhale chinthu chakutali kwa ife. Mchewa kapena Mngoni ankakhala wosenza matumba, wosesa, wophika, mwina wothandiza pa kauntala. Eni ake anali Apwitikizi ndi Amwenye. Lamulolo linathetsedwa mu Seputembala 1961, koma chuma choyambira bizinesi, lole ndi ubale ndi masitolo akuluakulu a ku Tete ndi ku Beira sizinabwere ndi kuthetsedwako.

Komabe dongosololi linali ndi chinthu chimodzi chimene chinkaligwiriziza, ndipo n'chimene olamulira a pambuyo pake sanachione msanga. Lole ya mwini kantini sinkayenda yopanda kanthu. Pokwera kuchokera ku Tete inkanyamula mchere, sopo ndi palafini. Potsika inkanyamula chimanga ndi mbatata. Ulendo umodzi unkalipiridwa ndi katundu wa mbali ziwiri. Pa misewu yafumbi ya nthawi imeneyo, pamene ngakhale pa Tete penipeni magalimoto ankawoloka Zambezi pa pantoni mpaka mlatho unatha mu 1973, mtengo wa mayendedwe ndiwo unkagamula ngati malonda atheka kapena ayi. Kuwonjezera apo, munthuyo ankakhala pomwepo chaka chonse. Ankadziwa amene amalima kwambiri, amene amabweza ngongole, mudzi umene mvula yavuta. Ankadyera anthu masuku pamutu, inde, koma mlimi ankadziwa asanadzale kuti wogula alipo, ndiponso kuti ndalama yake ikagula khasu.

Eni ake achoka

Kugwedezeka koyamba kunabwera mu Disembala 1961, dziko la India litalanda Goa m'manja mwa Portugal. Boma la Salazar, wolamulira Portugal, linabwezera kwa Amwenye okhala mu Mozambique amene anali nzika za India: anawatsekera m'misasa, masitolo awo anatsekedwa, kenako ambiri anathamangitsidwa m'dziko. Amene anali ndi mapasipoti a Pakistan kapena a Portugal anatsala. Mu 1968 Frelimo inatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete, ndipo m'madera ngati Maravia, Chifunde ndi Macanga anthu anasonkhanitsidwa m'maaldeamento, midzi yolonderedwa ndi Apwitikizi, kapena anathawira kutchire ndi kunja. Kantini yakutali inatsekedwa, ya pafupi ndi asilikali inapeza ogula atsopano.

Kenako panabwera mgwirizano wa ku Lusaka pa 7 Seputembala 1974 ndi ufulu pa 25 Juni 1975. Mwa Apwitikizi oposa 200,000 amene anali m'dziko muno, ochuluka zedi anachoka m'zaka ziwiri zokha. Eni makantini anapita ndi zimene zikanayenda, makamaka malole ndi ndalama. Nyumba zinatsala. Lamulo la mu Febuluwale 1975 linalola boma kulowerera pa bizinesi imene mwini wake wasowa kwa masiku oposa 90, ndipo pa 3 Febuluwale 1976 Samora Machel analengeza kuti nyumba zonse za lendi zakhala za boma. Bungwe la APIE linapatsidwa ntchito yoyang'anira nyumba za boma. Makantini ambiri osiyidwa anasanduka Lojas do Povo, masitolo a anthu, ena anaperekedwa kwa makoperativa, ena anakhala maofesi kapena mosungira katundu.

Chodabwitsa n'chakuti tsidya lina la malire zofanana zinkachitika m'zaka zomwezo, pa zifukwa zina. Boma la Kamuzu Banda linalamula kuti Amwenye achoke m'malo a malonda akumidzi n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu, ndipo pofika 1978 anali atachoka. N'chifukwa chake mukamayenda pakati pa Dedza ndi Ntcheu mumaona mizere ya masitolo akale ofanana ndi athu. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Malawi kunali ADMARC yogula zokolola ndi Chipiku yopikulitsa katundu, ndipo kunalibe nkhondo. Kusiyana kumeneku kunadzakhala kofunika kwambiri kwa anthu a ku Angonia.

Cholinga cha Lojas do Povo chinali chabwino, ndipo sindichinyoza. Anthu amene anaberedwa pa sikelo kwa zaka 50 anali ndi ufulu wofuna sitolo yopanda wakuba. Vuto linali kagwiridwe kake. Wogwira ntchito m'sitolo ya boma ankalandira malipiro omwewo kaya wagulitsa kaya sanagulitse. Analibe lole yake, analibe mphamvu yokongoza munthu, ndipo mitengo inkaikidwa ku Maputo popanda kuwerengera bwino kutalika kwa ulendo. Choipitsitsa, ntchito ziwiri zija zinalekanitsidwa. Kugula zokolola kunapatsidwa kwa mabungwe ena, ndipo kuyambira 1981 kwa kampani ya boma ya AGRICOM. Lole yogula chimanga inkakwera yopanda kanthu, yobweretsa sopo inkatsika yopanda kanthu, ndipo malolewo anali ochepa kale. Ndalama zakunja zochepa zimene dziko linali nazo zinkapita kwambiri ku mathirakitala ndi feteleza wa minda ikuluikulu ya boma, monga CAIA kuno ku Angonia, osati ku makasu ndi nsalu za mlimi wamba.

Zotsatira zake aliyense wa msinkhu umenewo akuzikumbukira. Metikali inalowa m'malo mwa eskudo pa 16 Juni 1980, koma mlimi akagulitsa chimanga ankabwerera ndi mapepala osagula kanthu, pakuti mashelefu anali mbee. Munthu wanzeru zake sangalime chochuluka kuti alandire ndalama yopanda ntchito. Ena anachepetsa minda, ena anayamba kusenza zokolola usiku kuwolotsa malire, kukasintha ndi sopo, mchere ndi makwacha ku Lizulu kapena ku Dedza. Samora mwiniwake anavomereza mu Malichi 1980 kuti boma silingamayendetse timasitolo ting'onoting'ono, ndipo Lojas do Povo zinayamba kubwezedwa kwa amalonda wamba. Koma katundu analibe, kandonga (malonda amseri) inakula, ndipo mu 1983 panabwera lamulo lokwapula anthu ndi chikoti pagulu, kuphatikizapo ogwidwa ndi kandonga. Chikoti sichinadzaze shelefu ndi imodzi yomwe.

Nkhondo ya Renamo ndi boma inamaliza zotsala. Sitolo yakumudzi inali pamndandanda umodzi ndi sukulu ndi chipatala, chifukwa inali chizindikiro cha boma komanso munali zinthu zofunika kutchire. Boma linawerengera kuti m'zaka za 1982 ndi 1983 zokha masitolo akumidzi pafupifupi 900 anawonongedwa m'dziko lonse, ndipo nthawi imeneyo moto unali usanafike pachimake kuno. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Chijezuwiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera, kuno ku Angonia. Chakumapeto kwa 1986 nkhondo inalowa mu vila ya Ulongwe momwe, ndipo midzi yathunthu inasamukira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pofika 1992 ku Malawi kunali othawa nkhondo a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi.

Tinene zoona pa mabwinjawa: si onse amene anagwetsedwa ndi zipolopolo kapena moto. Nyumba ikakhala yopanda munthu, malata ndiwo amayamba kuchoka, kenako zitseko, mafelemu a mawindo, mitanda ya denga, ngakhale matabwa a kauntala. Ochotsawo anali a mbali zonse, ndipo ena anali anthu ovutika ofuna pobisala mvula kumsasa. Denga likachoka, mvula ya kuno imamaliza yokha. Imalowa pamwamba pa khoma, pulasitala n'kusupuka, njerwa n'kuyamba kufumbutuka.

Chifukwa chake sinadzukenso

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu a ku Angonia, poti kwawo kunali pafupi, anali m'gulu la oyamba kubwerera, ambiri pa okha osadikira magalimoto a mabungwe. Malonda anabwerera nawo limodzi, koma sanalowe m'kantini. Anabwera pa njinga. Mnyamata ankakapikula sopo, shuga ndi mafuta ophikira ku Malawi, n'kuyala pa thebulo, thebulo n'kukhala banka fikisa (kaokala kokhazikika), banka n'kukhala kasitolo ka njerwa. Tsopano malonda a pa vila anali m'manja mwa eni dera, ndipo ichi ndi chinthu chachikulu chimene agogo athu sanachione. Kwacha inkayenda m'manja mwa anthu kuposa metikali m'midzi yambiri ya m'malire.

Nanga nyumba zazikulu zija anazisiyiranji? Choyamba ndi ndalama. Kufolera denga lalikulu chotero kunkafuna chuma choposa chimene munthu akanamangira timasitolo tingapo tatsopano. Boma linayesa kukongoza ndalama zokonzera makantini akumidzi kudzera ku thumba la FARE, ndipo ena anakonzedwadi, koma wokonzayo ankapeza kuti akupikisana ndi achinyamata a mabanka amene alibe lendi, alibe ngongole ya denga, ndipo katundu wawo wadutsa njira zachidule za m'malire. Phindu la kutsogolo linachepa kwambiri. Kwa wogula imeneyi ndi nkhani yabwino, koma nyumba yaikulu yotero singadzilipirire ndi sopo yekha.

Phindu la kumbuyo nalo linatengedwa ndi ena. AGRICOM inalowedwa m'malo ndi bungwe la boma loona za mbewu la Instituto de Cereais de Moçambique mu 1994, ndipo boma linasiya kukhala wogula wamkulu. M'malo mwake munalowa ogula a nyengo. Zokolola zikayamba kuuma, munthu amabwera ndi sikelo yake, n'kuikoleka pamtengo m'mbali mwa msewu kapena kuchita lendi khonde la kantini yomwe ija kwa miyezi itatu, kudzaza lole, n'kupita. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Wogula wotereyu sangakukongozeni mbewu mu Novembala, chifukwa mu Novembala kulibe. Alibe chifukwa chosamalira mbiri yake pamudzi, pakuti chaka chamawa akhoza kukakoleka sikelo kwina. Ndipo sasunga chimanga pano. Chimachoka mu Juni chili chotsika mtengo, ndipo mu Januwale mlimi yemwe uja amachigula pa mtengo wokwera, nthawi zina ndi ndalama ya ganyu ya m'munda mwa mnzake pamene wake ukudikira kupalira.

Mbewu imene ntchito zakale zija zinalumikizidwanso mokwanira kuno ndi fodya. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, imene ili ndi fakitale mumzinda wa Tete, imapereka mbewu ndi feteleza pa ngongole, imatumiza alangizi, kenako imagula fodyayo n'kudula ngongole pa malipiro. Mukaganizira bwino, limeneli ndi dongosolo la kantini lomwe lija: wokongoza ndi wogula ndi mmodzi, ndipo wogamula giredi ndi mtengo ndi yemweyo. Madandaulo a alimi pa giredi ndi ofanana ndi a agogo awo pa sikelo. Komabe alimi ambiri a ku Macanga, Angonia ndi Chifunde analowamo, pa chifukwa chomwe chija: amadziwa asanadzale kuti wogula alipo. Mlimi wa chimanga, nyemba ndi mbatata alibe chitsimikizo chotero. Nkhokwe zazitsulo zimene boma linamanga pa Ulongwe ndi zazikulu, koma mayi wa ku Domwe wokhala ndi matumba asanu sangalipire galimoto kupita nawo kumeneko. Chimene amasowa ndi chipinda chouma, chotsekeka, pa mtunda woti n'kufika ndi ngolo.

Sindikunena kuti tibwerere ku nthawi ya atsamunda. Mphamvu ya mwini kantini inkachokera pa kusadziwa kuwerenga kwa makolo athu, pa lamulo lowatsekera kunja kwa malonda, ndi pa mbalamatodya ya shefi wa posito. Zonsezo zinapita. Lero mlimi ali ndi foni, amatha kufunsa mtengo wa ku Tete kapena wa ku Lilongwe asanatsitse thumba, mwana wake amawerenga sikelo, ndipo ndalama amalandira pa M-Pesa kapena e-Mola. Wogula wokhazikika, kaya ndi munthu kaya ndi bungwe la alimi, sangakhalenso ndi mphamvu zija. Ubwino wake wokha ndi umene ungatsale: kukhalapo chaka chonse, kusunga, kukongoza, ndi kuyendetsa lole yodzaza popita ndi pobwera.

Nyumbayi ndi ya yani?

Funso ili ndilo limaimitsa zambiri, ndipo yankho lake limasiyana nyumba ndi nyumba. Malamulo a dziko lino amati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa. Munthu amakhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito, umene timautchula kuti DUAT. Lamulo la nthaka la 1997 limati chimene chingagulitsidwe ndi nyumba ndi zina zomangidwa pamenepo, ndipo m'tauni ufulu wa nthaka umatsata nyumbayo. Limazindikiranso munthu wa m'dziko muno amene wakhala pamalo mwachilungamo kwa zaka 10. Kumbali ya nyumba zimene boma linatenga, kuyambira 1991 linayamba kuzigulitsa kwa nzika zokhalamo.

Pa pepala n'zomveka. Koma taganizirani zimene kantini imodzi yadutsamo. Anaimanga ndi munthu amene anachoka m'dziko. Inakhala ya boma, kenako inapatsidwa kwa koperativa imene inatha kalekale, kapena kwa wamalonda amene anathawa nkhondo osabwereranso. Mabuku a m'maofesi a boma ambiri anapsa kapena anabalalika nthawi ya nkhondo. Mtendere utabwera banja lina linalowa, n'kufolera mbali imodzi, ndipo lakhalamo zaka 30. Wina analipira gawo la mtengo kuboma koma sanamalize mapepala, ndipo anamwalira. Tsopano ana ake ndi adzukulu a kuchikazi akukangana. Pakati pa anthu onsewa palibe amene angaike ndalama zake pa denga lonse, ndipo banki singakongoze pa nyumba yopanda chikalata. Chotheka ndi chokhacho chimene tikuchiona: kudula chipinda chakutsogolo ndi makoma opyapyala, kuboola zitseko zatsopano, kuika wogulitsa mayunitsi apa, wometa apo, wa mankhwala a mbewu uko, aliyense n'kumalipira lendi ya mwezi. Chipinda chakumbuyo, poti sichiyang'ana kumsewu, chimasiyidwa chidonthe.

Lamulo loteteza chikhalidwe ndi zinthu zakale la 1988 limateteza mwachindunji nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1920. Makantini athu ambiri ndi a pambuyo pake, choncho aliyense wokhala ndi mapepala akhoza kugwetsa popanda womufunsa. Sindikuti onse asungidwe. Ena anatha, ndipo vila ikufunika malo. Koma Ulongwe wakhala ndi khonsolo yakeyake kuyambira 2008, ndipo kalembera wa nyumba za pamzere wakale ndi ntchito imene khonsolo, pamodzi ndi maofesi a maboma a Angonia, Tsangano ndi Macanga, angaichite popanda ndalama zambiri: nyumba iliyonse, amene akuigwiritsa ntchito, mapepala amene alipo ndi amene akusowa, mmene denga ndi makoma zilili. Mayina a amalonda akale a pa vila iliyonse ankasindikizidwa m'mabuku a chaka ndi chaka a boma la atsamunda, ndipo zikalata za maboma a nthawi imeneyo zimasungidwa ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo. Zimene mabukuwo sanalembe, monga amene anaumba njerwa, amene ankasenza matumba ndi mmene sikelo inkachitira, zili ndi anthu amene ankagwira ntchito m'makantinimo ali anyamata cha m'ma 1960. Anthu amenewo lero ali ndi zaka 75 kapena 80, ndipo wofuna kuwafunsa ayambe chaka chino.